Khoma la Kumapeto kwa Bwalo

Ndayenda malo ambiri, koma bwalo lamasewero ngati la sekondale ya pachilumba china sindinalionepo. Malo athyathyathya pachilumba ponse ndi omwewo. Ukathamanga mamita handiredi, mzere womaliza uli apa, khoma la zimbudzi za anyamata lili apo. Ndiye mwana aliyense wa pasukulupo anazolowera kumanga mabuleki asanafike pamzere. Wosatero ankakaonana ndi a nesi.

Kumbuyo kwa mzere woyambira malo analipo, koma panali dimba la aphunzitsi a zamasewero. A hedi anawauza kangapo kuti azule tomato wawoyo, mizere yonse ibwerere m'mbuyo, ana azimaliza momasuka.

"Tikolole kaye, bwana," ankatero. Akakolola, ankabzala wina.

Chaka chimenecho kunali mtsikana wa folomu folo amene anzake ankamutcha Namzeze chifukwa cha liwiro lake. Bambo ake ndi amene ankayendetsa boti lopita kumtunda, kumene kunali mpikisano wa masukulu onse a m'chigawo. Wopambana mamita handiredi ankatengedwa ndi koleji ina kukaphunzira ulere. Wachiwiri ankangogwiridwa chanza.

"Aphunzitsi, mwanayu abwere ali wa koleji," anatero bambowo akuliza injini. "Ine fungo la dizilo landikwana, asadzalinunkhenso iyeyu."

"Musade nkhawa, bambo a Namzeze. Akumtunda lero adya fumbi."

Mafunde anali oipa, ana anasanza mpaka ndulu, ndipo anafika mayina akuitanidwa kale.

"Asodzi afika!" anakuwa mtsikana wina wamtali wa sukulu ya m'tauni. "Iwe, uthamanga kapena usambira?"

"Ukandiona kumsana undifunsenso," anayankha Namzeze akuvula masilipasi.

Mfuti italira, anachokadi ngati mbalame. Pofika pakati anali yekha, enawo ali m'mbuyo. Bambo ake anakwera pa waya wa mpanda, chipewa chili m'manja, akukuwa mawu osamveka. Koma mzere utayandikira, Namzeze anabweza chifuwa m'mbuyo, n'kufupikitsa miyendo, n'kutambasula manja kutsogolo ngati akufuna kugwira chinthu. Kutsogoloko kunalibe kanthu, udzu wokhawokha mpaka kutali. Wamtali uja anamudutsa ndi chifuwa.

Anthu onse anadabwa, kupatula aphunzitsi a zamasewero. Manja amenewo iwo anawazindikira. Ankawaona masana aliwonse, ali chiimire m'dimba ndi keni yothirira.

"Akulu, mwana wanu wavulala?" anafunsa mphunzitsi wa sukulu ina. "Kapena kwanuko mumawaphunzitsa ulemu, kuti mnzako ayambe ndiye kulowa?"

Aphunzitsi a zamasewero aja anaseka ndi mano okha.

Pobwerera, chilumba chitayamba kuoneka, bambo uja anachepetsa moto wa injini.

"Iwe, unaona chiyani pamzere paja? Njoka?"

"Sindikudziwa, ababa. Miyendo inangoima yokha."

"Miyendo siima yokha! Ndi matama amenewo. Unafuna anthu akuone bwinobwino. Aphunzitsiwa avutika nawe zaka zonsezi, dzuwa likuwawotcha pabwalo, iwe malipiro ake n'kuwavula pagulu? Pepesa msanga."

"Bambo a Namzeze," anayamba aphunzitsi, "mwanayu..."

"Ayi, musamuikire kumbuyo. Mwamulekerera kokwanira."

Mtsikanayo anadutsa pakati pa miyendo ya anzake, akugwira mapewa awo kuti asagwe, n'kudzagwada m'madzi a pansi pa boti.

"Pepani aphunzitsi. Ndakuchititsani manyazi."

Mawu oulula za khoma ndi dimba lija anali pakamwa pa aphunzitsiwo, okwana bwinobwino. Akanangowatulutsa, bamboyo akanamva, ana onse akanamva, ndipo pofika mawa chilumba chonse chikanamva. Anawameza.

"Dzuka, mwanawe. Tidzayesanso chaka chamawa."

"Ndili folomu folo, aphunzitsi."

"Mwauona mtima wa munthu?" anatero bambo uja, akuyang'ana ana enawo. "Wina akanamutukwana. Aphunzitsi ngati awa sapezekapezeka, muziwasamala."

Anawonjezera moto, boti linalunjika padoko.