Kiyi wa pa Tayala

"Mwala wachikumbutso tiuika pakhoma la kalasi yatsopano," anatero a hedi, atakhala pampando wa m'bala, chipewa chili pabondo. "Dzina lawo tililemba ndi zilembo zagolide."

Mayi wamasiye wa mwini balayo anangopitiriza ntchito yake. Ankapukuta matambula omwe anali atawapukuta kale dzulo lake. Panali patadutsa masiku anayi chimuikire mwamuna wake m'manda, ndipo bala inali isanatsegulidwebe.

Tauni yonse inkamutchula mwamunayo kuti Ambulansi. Kwa zaka makumi awiri, galimoto yake yopikulira mowa inanyamula amayi oyembekezera, ana othyoka mikono, mabokosi a maliro ndi njerwa za sukulu. Kiyi wake sankalowa m'nyumba. Ankakhala pamwamba pa tayala lakutsogolo, kuti aliyense wodziwa chiwongolero angotenga, ngakhale mwiniwake kulibe. Koma tsopano kiyiyo anali m'thumba la epuloni ya mayiyu.

A hedi anatsokomola. "Tinalinso ndi kapempho, mayi. Mchenga watsala matripi awiri okha. Amisiri anapita patayala m'mawa uja, koma..."

"Sanapezepo kanthu."

"Eya."

"Lachiwiri lija ndinakuimbirani kangati, a hedi?"

A hedi anayang'ana chipewa chawo.

"Kanayi. Munthu ali thapsa pansi apa, pakati pa makireti, atagwira pachifuwa. Inu munati chiyani? 'Tingotsitsa tripi inoyi, mayi.' Munafika patatha ola ndi theka, galimoto ili mchenga wokhawokha. Ine n'kuti nditamutseka kale maso."

"Sitinadziwe kuti zafika poipa."

"Kumanda munalankhula bwino zedi, anthu mpaka misozi. Tate wa tonse, mzati wa tauni. Magalimoto a pamaliro ndinawawerenga ine, analipo khumi ndi awiri. Lachiwiri anali kuti onsewo? Mwala wanu wagolidewo mukauike pakhomo panu."

A hedi anatuluka osatsanzika.

Chilungamo chake, mkwiyo wa mayiyu sunali pa a hedi okha. Wambiri unali pa malemuyo. Munthu wanji wosadziwa kunena kuti ayi? Tsiku lomwe mwana wawo woyamba ankabadwa, mayiyu anapita kuchipatala panjinga ya neba, chifukwa galimoto inali itanyamula mkazi wa mwini. Akadandaula, mwamunayo ankangoseka: "Akazi anga, galimoto yongoima imachita dzimbiri." Akuluakulu sananame, chifundo chinapha nkhwali. Tsopano mayiyu anali atagamula: mawa aitana makaniko, galimoto igulitsidwe, tauniyi iphunzire kuyenda wapansi.

Masana, akutsuka pansi, anamva mapazi a munthu wothamanga. Anasuzumira pawindo. Anali telala wa kuseri kwa msika, wopanda nsapato, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Anagwada pafupi ndi galimoto n'kupisa dzanja pamwamba pa tayala. Anafufuza uku, anafufuza uko. Anathamangira tayala la mbali inayo. Kenako anaimirira, nayang'ana chitseko chotseka cha bala, ndipo nkhope yake inagwa. Anali atakumbukira kuti mwini galimotoyo anamwalira.

Sanagogode. Anangotembenuka n'kubwerera kumsewu, komwe mchimwene wake ankabwera atabereka bambo awo, mutu wa mkuluyo uli lende.

Mayiyu anakukuta mano. Telalayu pamaliro anabwera, koma Lachiwiri lija nayenso sanaoneke. Apite wapansi, amve momwe zimawawira. Anaviika chikolopa m'ndowa. Koma maso anakana kuchoka pamutu uja, womwe unkagwedera monga momwe wa mwamuna wake unagwedera pamiyendo pake.

"Inu bambo inu, mwafa koma mukundivutitsabe," ananong'ona.

Anakankha chitseko n'kuponya kiyi, yemwe anakagwera pamapazi a mchimwene uja.

"Giya yachiwiri imavuta, uzikankha mwamphamvu. Nanga ukundiyang'aniranji? Ukufuna akuferere kumsanako?"

Galimoto inabwerako dzuwa litapendeka. Mchimwene wa telala anatsika n'kumupatsa mayiyu kiyi ndi manja awiri.

"Awagoneka, mayi. Adokotala akuti tafika nthawi yabwino. Tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina."

"Wosangalala ndiwe," anatero mayiyu, ndipo mawuwo anatuluka owuma. Zinamupweteka kwambiri. Msewu wake womwewo, galimoto yake yomweyo, ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu basi.

Munthuyo atapita, mayiyu analowera kuchitseko, kiyi atamufumbata mpaka kumudinda m'chikhatho. Mkwiyo unali usanathe, ndipo ankadziwa kuti sutha chaka chino. Pakhomo anaima. Kenako anabwerera, nawerama pa tayala lakutsogolo, napukuta fumbi ndi epuloni yake. Anaika kiyi chamkati, pamalo pomwe mvula sifika, monga ankachitira mwiniwake.