Mchenga Wopita ku Mkungula

Rozina Chagunda analota akutsegula chitseko cha ofesi yake ku Lilongwe, ndipo kuseri kwake kunali nyanja. Madzi anaima pakhomo mpaka m'chiuno, osakhuthukira m'kati, ngati ng'ombe yodikira kuti aitsegulire khola. Iye sanadabwe. Anavula nsapato, naziika pa desiki, n'kutuluka.

Anapezeka ali kwawo ku Chamwala, dzuwa lili paliwombo. Rozina anali injiniya, ndipo ntchito imene anali nayo m'manja mwezi umenewo inali ya pagombe lomweli. Chaka ndi chaka mafunde a mwera ankadya mtunda. Anadya minda ya chinangwa, anadya njira, tsopano anali atafika kumanda. Iye anakonza zomanga khoma la miyala yokulungidwa mu waya, lolowa m'nyanja, kuti litchinge mafundewo, pakuti anali atalonjeza mayi ake kuti manda a bambo ake madzi sadzawakhudza.

Bambo akewo anawapeza atakhala pa chiliza chawo, chimene mbali ina inali m'malere chifukwa dothi la pansi pake linali litagumuka. Anavala jekete imene anaikidwa nayo, mapazi ali m'madzi.

Rozina anagwada. "Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera, mayi. Koma m'nyumba muno mwayamba kudontha. Mwabwera ndi miyala?"

"Ili m'njira."

"Isanafike, taonani pansipo."

Rozina anawerama. Mchenga wonse wa pagombe unali pa ulendo. Funde likabwera chopingasa linkakankhira kamchenga kumtunda, pobwerera n'kukatsitsa chowongoka, funde lina n'kukatola pomwepo. Chotero gombe lonse linkasendera kumpoto mwakachetechete, mzere wake wosaoneka poyambira kapena pothera. Zimenezi anali ataziphunzira m'kalasi, anali atazijambulapo kambirimbiri, koma sanaganizepo kuti gombe limene anaphunzirirapo kuyenda linali mlendo wongodutsa.

Anatola kamchenga kamodzi pa chala. "Mukupita kuti?"

"Ku Mkungula, mayi," kanayankha. "Akutiyembekezera. Ine ndinali phiri, ndachokera kutali. Musandichedwetse."

Atadzutsa mutu, khoma lake linali litamangidwa kale, lalitali, lowongoka, monga momwe analijambulira. Mchenga unafika pakhomapo n'kuima. Wa m'mbuyo unakwera pa wa patsogolo, gombe n'kumakula, mpaka manda anatsala kutali ndi madzi ndipo chiliza cha bambo ake chinakhazikika pouma. Mtima wa Rozina unakhala pansi.

"Ntchito yabwino," anatero bambo ake. "Tsopano kaoneni kuseri kwake."

Analumpha khomalo ndi phazi limodzi, n'kutera ku Mkungula, mudzi woyandikana nawo chakumpoto. Kumeneko gombe kunalibe. Mafunde ankagogoda pa makoma a nyumba. Mjigo unaima pakati pa nyanja ukudzipopa wokha. Kalasi ina ya sukulu inali itazuka ndi maziko ake, ikuyandama pang'onopang'ono kulowera kwakuya, ana ali m'katimo akubwereza mawu a mphunzitsi wawo, amene ankalembabe pa bolodi.

Abiti Saidi, mayi wogulitsa usipa amene Rozina ankamudziwa kuyambira ali mwana, anali kumangirira nyumba yake ku mtengo wa mango ndi chingwe cha ukonde.

"Takulandirani, a injiniya," anatero mayiyo osasiya ntchito. "Kodi alendo athu a mchenga mwawaona panjira? Mafunde akabwera ndi katundu amatula. Akabwera chimanjamanja amanyamula chimene apeza."

Rozina anafuna kunama, koma pakamwa pake panatuluka zoona. "Ndawatsekera ndine."

"Zikomo potiuza," anatero Abiti Saidi, namanga mfundo ina.

Pamenepo kunamveka kugunda ngati mitondo yambiri ikusinja pamodzi. Pakati pa midzi iwiriyi panali thanthwe lalikulu lolowa m'nyanja, ndipo mafunde anali atapeza mng'alu m'nthiti mwake. Ankaponyamo timiyala, n'kutibweza, n'kutiponyamonso. Mng'aluwo unasanduka phanga. Phangalo linazama, linada, kenaka kuwala kunaboola mbali inayo, ndipo thanthwe linakhala khomo lalitali kuposa tchalitchi. Ntchito ya mibadwo yosawerengeka inachitika Rozina asanameze malovu. Anagwira pakamwa. Anazindikira kuti nyanja sinali yokwiya ayi. Inkangogwira ntchito yake, yomwe inayamba kusanabadwe munthu.

Patsogolo pa khomolo panaima akufa onse a ku Chamwala, pamzere, aliyense atasenza chiliza chake pa nkhata. Amene analibe chiliza anasenza mtanda wa mtengo, ena mbale yobooka. Bambo ake anakhala pansi kutsogolo kwa mzerewo.

"Ife akufa tilibe katundu wambiri," anatero. "Amoyo ndiwo ali ndi ana, mbuzi ndi sukulu. Tingathe kusamukira kumtunda. Koma sitingadzisamutse tokha, pafunika wamoyo atitsogolere."

"Ndinalonjeza amayi."

"Munalonjeza kuti madzi sadzandikhudza. Kumtunda madzi kulibe."

Miyala ing'onoing'ono inayamba kuyoyoka kudenga la khomolo.

"Silikhalitsa limeneli," anatero bambo ake. "Ndipo mapazi anga anyowa kwambiri, sangayende."

Rozina anagwada chofulatira, monga amachitira mayi pobereka mwana, ndipo bambo ake anakwera kumsana. Munthu amene kale ankamunyamula iye ndi dzanja limodzi tsopano ankapepuka ngati lichero. Anamva kuzizira kwa jekete yawo pakhosi pake. Analowa pakhomopo, madzi akumumenya m'mawondo, mdima ndi mkokomo zili pamwamba pake, akufa akumutsatira. Sanathamange. Anaopa kuwagwetsa.

Kutsidya kunali phiri la dothi lofiira ndi mitengo ya masuku. Womaliza pamzere atangotuluka, denga la khomolo linagwa popanda phokoso, n'kutsala mwala umodzi wautali utaima wokha m'madzi. Chapatali, waya wa khoma lake unali kudzimasula, ndipo mchenga unali utayambanso ulendo.

"Ndikutsitseni pati, bambo?"

"Kwerani pang'ono. Ndikufuna pooneka nyanja."

Anadzidzimuka ali pa desiki, masana omwewo, atawerama, manja atawalumikiza kumbuyo. Foni inali kulira. Anachedwa kumasula manjawo. Woimbayo anali dalaivala wa lole, akufunsa poti akhuthule miyala.

"Musakhuthule kaye," anatero Rozina. "Mundidikire."

Anakhala kanthawi akuyang'ana chitseko, kenaka anaimbira mayi ake kumudzi.

"Amayi, ndikubwera mawa. Muwaitane amalume ndi akuluakulu a kumanda. Ndikufuna tikambirane zosamutsa abambo ndi anzawo."

Anadikira kukalipiridwa. Koma mayi ake anayankhula motsitsa mawu.

"Kani nawenso akuuza?"