Nkhope ya pa Khadi la Imfa

Mwayiwathu anaima pageti ambulera ili m'manja, osaitambasula ngakhale mvula inali kuwaza. Chitseko cha nyumbayo ankachidziwa: chobiriwira, kagalasi kake kong'aluka pakona, pambali pake mphika wa maluwa ouma. Mumsewu uno wa ku Barking, kuno kudziko la azungu, anali asanapondemo chibadwire, koma chitsekochi anachijambula ndi dzanja lake miyezi iwiri yapitayo.

M'chikwama mwake munali paketi ya makhadi a taroti, aja azungu amaombezera ula. Onse 78 anawajambula yekha, pa nthawi yopuma kunyumba yosamalira okalamba ku Romford komwe ankagwira ntchito. Kutchalitchi sanauze munthu. Anangoika zithunzizo pa intaneti, ndipo anthu oposa mazana atatu osawadziwa anasonkha ndalama zosindikizira. Amene anasonkha zambiri anawalonjeza kuti nkhope ya wokondedwa wawo idzakhala pa khadi limene asankhe. Tsopano osindikiza anali atatumiza paketi imodzi yoyesera, ndipo ankadikira yankho lake pofika 5 koloko tsiku lomwelo, kuti ayambe mapaketi mazana asanu.

Chotsala chinali mawu a Mwangala, mayi wa ku Zambia wounika makhadi m'mavidiyo. Iye akati paketi ndi yabwino, inkagulidwa. Akati ndi yachabe, inkaolera m'makatoni. M'mavidiyo akewo munkaoneka manja okhaokha, nkhope ayi. Mwayiwathu atamulembera, mayiyo anamuitanira kunyumba inoyi.

Chitseko chinatseguka. Mwayiwathu anapenyetsetsa mayi amene anatulukira. Duku yachikasu yamadontho, kachipsera pamwamba pa nsidze yakumanzere, milomo yokhala ngati ikubisa nkhani. Nkhope imeneyi anaijambula akulira, pakuti bambo amene anatumiza chithunzi chake analemba kuti: "Uyu ndi malemu mkazi wanga. Muike pa khadi la Imfa, anthu asamuiwale."

"Ndiwe Mwayi? Manje waimirira chani pamvula monga waona chipuku cha kumanda?" anatero mayiyo m'Chinyanja cha ku Lusaka, akuseka. "Ngena, mwana wa ku Malawi. Ine siniluma."

"Zikomo, anti," anayankha ndi mawu osamveka bwino.

Mwangala atapita kukatereka tiyi, Mwayiwathu anatsegula paketi msangamsanga, nasolola khadi la nambala 13, lija la Imfa, n'kulibisa m'thumba la jekete. Chifukwa chake sanachidziwe bwinobwino. Ankangofuna kuti maso awiriwo, a papepala ndi amoyo, asakumane.

Mwangala anabwera ndi makapu, nayala nsalu yakuda patebulo la pawindo, nasamba m'manja ngati wopita kukadya. Kenako anatenga paketiyo n'kuinunkhiza.

"Inki yauma bwino. Ena amanitumizira makhadi onunkha monga garaji." Anapinda khadi limodzi pang'ono, nalisiya, ndipo linawongoka lokha. Analiloza kuwindo. "Ona, kuwala sikupyola. Khadi loonekera mkati ni khadi lamiseche, limaulula zinthu usanalifunse."

Anayendetsa chala m'mphepete, nayang'ana ngati misana yonse ikufanana, nasakaniza makhadiwo katatu. Ankalira ngati mvula pa malata.

"Dzanja uli nalo, iwe. Uyu mnyamata wa pa khadi la Okondana ni wako?"

"Ayi, anti, ndi wa mayi wina wa ku Leeds amene anasonkha nawo."

"Bodza! Munthu sajambula milomo ya mwamuna wa eni ake mosamala so."

Mwayiwathu anayesa kuseka. Mwangala anali atasiya kusakaniza. Anagwira paketiyo pakati pa zala ziwiri, maso ali chitsinzinire, ngati mayi woyeza mchere.

"Yapepuka," anatero. Anayamba kuwaponya patebulo limodzilimodzi, milomo ikugwedera. M'chipindamo munangomveka wotchi ndi phokoso la sitima patali. "77. Zaka khumi nagwira makhadi, mwana. Ukanibisira limodzi, zala zanga zimalira. Imfa ili kuti?"

"Mwina osindikiza anaiwala."

"Osindikiza amaiwala makhadi ang'onoang'ono. Imfa saiwala munthu, nayenso munthu saiwala Imfa. Leta."

Mwayiwathu anapisa m'thumba, naliika patebulo chafufumimba. Mwangala analitembenuza.

Sanakuwe. Anangolipenyetsetsa nthawi yaitali, kenako dzanja lake linakwera pang'onopang'ono kukagwira duku imene inali kumutu kwake.

"Anandiuza kuti munamwalira," anatero Mwayiwathu, misozi ili m'maso. "Bambo wina wodzitcha Mlonda. Anati munali mkazi wake, ndipo sagona chikupitireni. Ine ndinaona ngati chikondi chenicheni, anti. Ndinajambula khadi limeneli masiku asanu, ndikumumvera chisoni."

"Nionetse chithunzi chimene anatuma."

Mwayiwathu anachipeza mufoni. Mwangala anali ataima pakhomo pake, makiyi m'manja, akuyang'ana kumbali. Wojambulayo anali kutsidya kwa msewu, ndipo m'munsi mwa chithunzicho munkaoneka mphepete mwa windo la galimoto.

"Iyi duku n'nagula pamsika pano mu Ogasiti," anatero Mwangala, mawu ali pansipansi. "Ku Wembley n'nathawako mu Febuluwale, na chikwama chimodzi. Mlonda wakoyo ni Weston, mwamuna wanga wakale, ndipo khoti linamuletsa kuniyandikira. Nyumba ino aidziwa ni anthu atatu chabe, iwe wachinayi." Anatukula maso. "Nanga ine unanipeza bwanji?"

Mwayiwathu anayankha: "Ndi iyeyo anandilozera mavidiyo anu. Anati ndisasindikize musanaone inuyo, chifukwa ndinu nokha odziwa khadi labwino."

"Ehe. Chikomekome cha mkuyu." Mwangala anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Iye sangafike pakhomo panga, ndiye watuma kalata. Envulopu yake ndiwe."

Anadzuka n'kukoka makatani, ngakhale kunja kunali kusanade. Mwayiwathu anayang'ana wotchi: 4 koloko itadutsa pang'ono. Anaganiza za anthu aja amene anawalonjeza makhadi Khirisimasi isanafike. Osindikiza anali atamuchenjeza kale kuti akaphonya lero, mpata wina ndi wa chaka chamawa. Anaganizanso za mapaketi mazana asanu, m'nyumba mazana asanu, manja achilendo akutembenuza nkhope ya mayi wamoyo n'kumati, "Imfa."

"Kwathu zimenezi timati kulodza," anatero Mwayiwathu.

"Na kwathu ni chimodzimodzi. Azungu ako azati ni luso." Mwangala anakhalanso pansi, nasonkhanitsa makhadi ena aja mwaulemu. "Unabwera kuti nikuuze zoona, leka nikuuze. Pepala ni labwino. Mitundu ni yabwino. Pa mapaketi onse amene naona chaka chino, yako ni yachiwiri kapena yoyamba. Ukasindikiza izagulidwa, olo ine nikhale chete. Sinizakugwira dzanja."

Foni ya Mwayiwathu inanjenjemera patebulo, pambali pa khadi lija. Onse awiri anaona dzina limene linawala pagalasi: Mlonda. Uthengawo unali waufupi.

"Mwalowa kalekale. Walikonda khadi lake?"

Panalibe amene anayang'ana kuwindo. Kunja, galimoto ina inali kulira pamalo amodzi. Mwina inali ya munthu wodikira mwana wake, mwina ayi.

Mwayiwathu anatenga foniyo. Mlonda sanamuyankhe. Analembera osindikiza kuti aime, khadi limodzi lijambulidwanso, tsiku limene angampatse alilandira. Atatumiza, anajambula mauthenga onse a bamboyo kuyambira woyamba, pamodzi ndi chithunzi chija.

"Anti, apolisi amene amadziwa nkhani yanu, nambala yawo muli nayo?"

"Ili pafiriji."

"Imbani. Ine sindichoka mpaka afike, ndipo ndiwaonetsa zonsezi. Akamaliza tipitira limodzi ku Romford. Chipinda changa n'chaching'ono, koma chitseko chake sanachijambulepo munthu."

Mwangala anamuyang'ana, kenako anakankhira khadi lija kwa iye ndi chala chimodzi. "Na ili usaling'ambe. Ni umboni." Atafika pakhomo la kukhitchini anacheuka. "Manje anthu ako uzawauza chani?"

"Kuti Imfa yachedwa."

Mwangala anaseka, ulendo uno kuseka kwenikweni, napita kukaimba foni.

Mwayiwathu anatsala yekha patebulo. Anatembenuza khadilo kuti ligone chafufumimba, natulutsa pensulo ndi kabuku kake kojambulamo. Podikira kugogoda kwa apolisi, anayamba Imfa yatsopano: munthu wamtali wofulatira, akuyenda mumsewu wopanda nyumba, nkhope yake osaoneka.