Nkhope ya m'Dimba

Mayi Nasimango, mphunzitsi wa pakoleji ya aphunzitsi, analota akuphunzitsa ndakatulo ya malemu amuna awo, a Kamtedza, yotchedwa "Dimba". Ankaiphunzitsa chaka ndi chaka, ndipo nthawi zonse ankanena kuti ikukamba za ulimi. Tsiku limenelo pansi pa kalasi panali matope, mpiru utamera pakati pa madesiki. Ophunzira anakhala m'malo mwawo, mapazi ali m'madzi.

Wophunzira wina, mayi wapabanja dzina lake Yankho, anaimika dzanja.

"Madamu, mlimi uyu akuti nthaka ikumupumira m'khosi. Kodi nthaka imapuma?"

"Ndi chifanizo chabe," anatero Mayi Nasimango.

"Nanga chifanizo cha yani?"

Palibe anaseka. Mayi Nasimango anatembenuka kuti alembe yankho, koma bolodi linatseguka ngati chitseko. Analowa, linadzitseka.

Kuseri kwake kunali dimba lenileni, dzuwa lili paliwombo. A Kamtedza anagwada pakati pa mizere atavala suti imene anaikidwa nayo m'manda, thonje likadali m'mphuno. Patsogolo pawo panagona mkazi chafufumimba, mikanda m'chiuno, ndipo iwo ankalemba pamsana pake ndi chala.

"Mwafika, amayi akunyumba," anatero. "Ndiwerengereni. Kuno maso sagwira ntchito."

Mayi Nasimango anagwada nawerenga. Inali ndakatulo yomwe ija, liwu ndi liwu, koma zilembo zinali zofunda. Ndime yoyamba inayambira pakhosi, yachiwiri inatsika ndi msana. Pamene iwo m'kalasi ankati ndi mtsinje panali thukuta. Pamene ankati ndi mbewu za chimanga panali mikanda. Akamawerenga, mkaziyo ankapuma mofulumira. Akaleka, mpweya unkaleka.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa.

"Munali mphunzitsi. Ndinkaopa kukukonzani."

"Munkadzuka pambali panga kukalemba, thupi lanu likutentha. Ndinkati motowo ndakoleza ndine, n'chifukwa chake ndinkaubisa kwa ophunzira."

A Kamtedza anapukuta chala pa suti. "Ndime yomaliza ili kutsogolo. Mutembenuzeni."

Mayi Nasimango anagwira phewa la mkaziyo. Linali lolemera ngati thumba la mchenga wonyowa. Anakoka mpaka thupi linagudubuzika. Kutsogolo kunalibe ndime iliyonse. Ndipo pamene payenera kukhala nkhope panali khungu losalala, lopanda maso, lopanda pakamwa.

"Ine ndinalemba msana wokha," anatero a Kamtedza. "Nkhope amaika ndi wowerenga. Choko muli nacho."

Chokocho chinalidi m'dzanja. Mtima wa Mayi Nasimango unakhala pansi, pakuti nkhope yawo ankaidziwa bwino: mphumi yotakata, chipsera cha nthomba pansi pa diso. Anatsitsa dzanja kuti ayambe ndi mphumi.

Dzanja linapita pakamwa.

Linajambula milomo yopyapyala, kenako mano, kenako kampata pakati pa mano akutsogolo. Mayi Nasimango analibe mpata m'mano. Mpata unali wa mng'ono wawo Dorika, amene anabwera kudzakhala nawo ukwati wake utatha, chaka chimene ndakatuloyo inalembedwa. Dorika amene pamaliro a mlamu wake analira mpaka anthu anachita kumunyamula.

"Si iyeyu," anatero Mayi Nasimango. "Bambo, nenani kuti si iyeyu."

"Sindikuona, amayi. Mwajambula yani?"

Anayesa kutaya choko, koma chinamera m'zala. Anagwira dzanjalo ndi dzanja linzake, koma nalonso linangotsatira. Chapatali belu la koleji linalira, ndipo anadziwa kuti atsamira tebulo m'chipinda cha aphunzitsi, kuti akangodzutsa mutu zonsezi zitha. Mutu sunadzuke. Dzanja linali litakwera kale pamphuno.

Pakamwa pojambulidwapo panayamba kusuntha.

"Achemwali," panatero, "malizitsani maso. Ndikufuna ndikuoneni."