Mayi Salome Atulukanso Pageti

Madokotala atanena kuti khansa ya m'mawere yatha, banja la a Friday ku Soche linasangalala kwambiri. Koma panapita miyezi isanu ndi umodzi akazi awo, mayi Salome, osadutsa pageti.

Lachinayi lililonse ankakhala pawindo, kumayang'ana amayi a Mvano akutsetserekera kutchalitchi, mabulauzi ali mbee. Kale nyimbo ankayambitsa ndi iwowo. Ankawasowa anzawowo mpaka mtima kuwawa. Koma bere limodzi analichotsa pa opaleshoni, ndipo bulauzi yawo inkagwera mbali imodzi. "Anthu azingondiyang'ana pachifuwa," ankatero mumtima.

A Friday nawo chikondi chawo chinali chopanikiza. Tsache ankawalanda, alendo ankawabwezera pakhomo. Ngakhale tsiku lokapimidwanso kuchipatala analilumpha, ati kubwererako n'kuputa dala matenda.

Loweruka lina a Friday anabwera ndi mayi Nirmala, mwini sitolo ya nsalu ku Limbe komwe iwo ankagwira ntchito. Mayiwo anachita kukakamira kuti adzazonde.

"Mayi Salome, mukuoneka bwinotu. Nanga mukubisaliranji?" anafunsa mlendoyo.

Mayi Salome anangogwira pachifuwa, misozi ili m'maso. Mayi Nirmala anapempha a Friday kuti atuluke kaye. Kenako anapisa dzanja m'malaya mwawo, n'kutulutsa kathumba kansalu kodzaza thonje.

"Bere langanso analichotsa, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Amuna anu amandiona tsiku ndi tsiku pakauntala, koma sanadziwepo kanthu."

Mayi Salome anakagwira kathumbako, anakatembenuza, kenako anaseka. Kanali koyamba kuseka chichokereni kuchipatala.

A Friday atalowanso, mayi Nirmala sanawanyengerere. "Mukuwasunga ngati dzira, komatu dzira likakhalitsa limasukusa. Alekeni aziyenda, azigwira tintchito timene angathe, azicheza ndi anzawo. Masamba ndi zipatso zisamasowe m'nyumba muno. Ndipo tsiku lokapimidwa musamalumphe. Ngati matendawa akufuna kubwerera, ndi bwino awapeze asanakule."

"Ine ndimayesa ndikuwateteza," anatero a Friday, atazyolika.

"Ndikudziwa, bambo a Joan," anayankha akazi awo motsitsa mawu. "Koma ndinalimbana ndi imfa kuti ndikhale pakati pa anthu, osati pawindo."

Lolemba mayi Salome ndi amuna awo anapita limodzi kuchipatala. Namwino Felicia anawapima ndipo sanapeze chovuta. Anawaphunzitsanso timasewera totambasula mkono kuti usaume, nawauza kuti ukayamba kutupa abwere msanga. Tsiku lodzabweranso a Friday analilemba okha pakalendala, ndi cholembera chofiira.

Mayi Salome anasoka kathumba kawo, ndipo Lachinayi anavala n'kutuluka. Atafika pakhomo pa tchalitchi anatsala pang'ono kubwerera. Koma mayi wina anawaona, nafuula, "Salome wabwera!" Amayi onse anawakumbatira, ena akulira, ena akuwakalipira kuti anawataya. Palibe amene anayang'ana pachifuwa. Atawapempha kuti ayambitse nyimbo, mawu anatuluka osasa, koma anzawo anailandira nyimboyo isanagwe.

Khansa ikatha, chisamaliro sichitha. Munthu amene wachira azipitabe kukapimidwa pa masiku amene wapatsidwa, azidya bwino, aziyendayenda. Ndipo ife achibale tisamutsekere m'nyumba chifukwa cha mantha athu. Anachira kuti akhale nafe.