Kadontho pa Nsonga ya Mng'alu

"Kadonthoko mungokabweza m'mbuyo pang'ono, mayi a mwana. Angaone ndani?"

Amuna anga ananena izi ataima pakhomo la bafa, ine ndikufinya matewera. Ndinaponya thewera m'ndowa, madzi n'kuwagwera kumapazi.

"Fenderani uko, mukunditchinga," ndinatero.

Tonse tinkagwira ntchito pakampani yopanga zitsulo zokutira thupi la ndege. Iwo ankayendetsa makina a leza, owotcherera ndi kuwala kotentha timipiringidzo kuseri kwa chitsulo kuti chilimbe. Ine, amene sukulu ndinaisiyira panjira chifukwa cha mimba, ndinali kuchipinda choyesera. Kumeneko makina amakoka chitsulo n'kuchisiya, kukoka n'kusiya, monga chimachitira ndege ikamakwera ndi kutera, mpaka chitatopa n'kuyamba kung'aluka. Makina akaima, ine ndinkasuzumira pagalasi lokuzira n'kuika kadontho ka inki pamene mng'alu wafika. Timadonthoto ndi timene tinkauza akuluakulu kuti chitsulo chotere chingauluke nthawi yaitali bwanji. Palibe ankabwereza ntchito yanga.

Chitsulo chimene chinali pamakina sabata imeneyo anawotcherera ndi amuna anga, ndipo mng'alu wake unkathamanga kuposa wa zinzake zonse. Mawu anali atatuluka kale: ukangodutsa pamzere wowotcherera nthawi isanakwane, wowotchererayo aona msana wa njira.

M'mawa mwake makina anabuula, anabuula, kenako zii.

"Achemwali, njoka yathu yafika pati?" anafunsa injiniya, mayi amene tinkawatcha Magalasi. Sanadzutse n'komwe mutu pakompyuta.

Ndinawerama. Mng'alu unali wopyapyala ngati tsitsi. Ndinautsata ndi diso mpaka pamzere wa amuna anga, ndikupemphera kuti uthere pomwepo. Sunathere pomwepo. Unalowa, n'kutulukira tsidya lina.

Kuseri kwa zenera la chipindacho ndinaona amuna anga ataima ndi kapu yamadzi imene sankamwa.

Ndinatenga cholembera. Mabere anali atadzaza, akupweteka. Nthawi yoyamwitsa inali itadutsa. Ndinaganiza za mwana wanga kwa mayi womulera, ndi za nyumba ya anthu atatu yodalira malipiro anga okha. Koma ndinaganizanso za mayi wina amene sindidzamudziwa, mwana ali pamiyendo, mutu atatsamira chitsulo ngati chomwechi, pansi pake mitambo yokhayokha.

"Achemwali, mwagona kodi?"

Ndinaika kadontho pansonga penipeni.

Magalasi anabwera, anayang'ana kadonthoko, kenako anayang'ana ine. Ankadziwa bwino kuti mzerewo ndi wa ndani.

"Mwatsimikiza?"

"Inki yauma kale, amayi."

"Zimitsani zonse. Muitaneni wowotcherera."

Amuna anga analowa akukwekwesa nsapato. Galasi linali m'manja mwanga, ndiye ndine amene ndinawapatsira. Anawerama nthawi yaitali, msana wa ovololo utanyowa thukuta.

"Wadutsadi," anatero, mawu ali pansi. "Mkatimo muli timabowo ta mpweya. Ndi ine ameneyo."

Sanandiyang'ane.

Madzulo nditakatenga mwana ndinawapeza pamalo okwerera basi, ataima patali ngati munthu wachilendo, ovololo itapindidwa kukhwapa. Basi inafika yodzaza. Anthu akukankhana pakhomo, ndinamva dzanja likuchotsa chikwama cha mwana paphewa langa. Anachikoleka pakhosi pawo, n'kutsekereza khomo ndi mkono mpaka ine ndi mwana titakwera. Nkhope yawo inali italoza kwina.