Mbali Imene Zoyera Zinakhala

Mayi Earline Pettway anasita yunifolomu yawo yoyera kawiri m'mawa umenewo, kenako anaibweza m'kabati. Lero sakupita kukhoti ngati mtsogoleri. Anavala jasi labulauni lopitira kumsika.

Zoyerazo zinali za kutchalitchi, za amayi olandira anthu pakhomo ndi kuwasonyeza pokhala. Koma mumsewu wa Pearl aliyense ankadziwa ntchito yake ina. Zinayamba chaka chimene chipolopolo chinalowera pawindo n'kupha kamtsikana kakulemba ntchito ya kusukulu. Mayi Pettway anasonkhanitsa anzawo. Anavutitsa makhansala mpaka magetsi a mumsewu anayaka, anavutitsa apolisi mpaka galimoto yawo inayamba kuima pamphambano. Ndipo wosokoneza mtendere akagwidwa, amayiwo ankavala zoyera, ndi magolovesi omwe, n'kukadzaza mabenchi kumbuyo kwa woimira boma pamlandu. Kulankhula ayi. Woweruza akadzutsa mutu n'kuona mbee, ankadziwa kuti anthu atopa, ndipo chilango chinkakula.

Lero woweruzidwa anali Lorenzo, mwana wawo mmodzi yekhayo.

Lorenzo ankayendetsa galimoto yoperekera katundu. Achifwamba atamulanda kawiri, anagula mfuti yopanda mapepala n'kuibisa pansi pa mpando. Amene anaipeza ndi apolisi a pamphambano aja, omwe amayi ake anachita kuwagwadira kuti abwere. Anamuimitsira getsi lakumbuyo losayaka, basi. Mlandu anavomera. Loya amene boma linamupatsa, mtsikana wa maso ofiira ndi tulo, sanabise mawu.

"Akhoza kugwirira ukaidi kunja, akhozanso kulowa. Woweruza uyu amayang'ana kuti kumbuyo kwa munthu kuli ndani. Bweretsani anthu, mayi."

Anthu? Zimenezo ndiye zinali zawo. Amayi a zoyera onse anavomera. "Lorenzo ndi mwana wathu," anatero Mayi Viola, wachiwiri wawo. "Si amene amatikonzera chitofu cha kutchalitchi?"

Khomo limodzi lokha ndi limene linawalemera miyendo. Dzulo lake anakapeza Odessa Boykin akuchotsa chipale chofewa pamasitepe ake. Mwana wa Odessa, Tyree, anagwidwa akugulitsa chamba pamphambano pomwepo, ndipo mpaka lero adakali m'ndende.

"Make Lorenzo! Mwasochera kodi?"

"Ndabwera kudzapempha, achemwali. Mawa..."

"Ndamva." Odessa anatsamira fosholo. "Tsiku la mlandu wa Tyree munatchena zoyera zanu, ee. Ndinkati angelo atsika. Kumbuyo kwa mwana wanga kunali ine ndi chikwama changa."

"Tinkangofuna kuti ana aziyenda osaopa."

"Ana ati? Wangayo ndinamutola kudzala?"

Mayi Pettway, amene anazizitsapo makhansala pamsonkhano, anatembenuka n'kuchoka pakhomopo. Anabwerera kwawo ndi manyazi.

Kukhoti anafika m'mamawa, nakhala kumbuyo kwa mpando wa woimbidwa mlandu. Anzawo kulibe. Basi imene anzawowo anakwera inali itatchingidwa ndi chipale chofewa. Lorenzo analowetsedwa, nayang'ana mabenchi opanda anthuwo, nayesa kuwamwetulira amayi ake. Kumwetulirako kunawadula mtima.

Mlandu unali utayamba kale pamene chitseko chinatseguka. Amayi a zoyera, khamu lonse, ali wefuwefu. Mtima wa Mayi Pettway unakhala pansi. Mulungu ndi wamkulu!

Koma pakhomo panali mlonda wa khoti, mkulu wina wansangala amene ankawadziwa kalekale.

"Amayi athu afika," ananong'ona. "Malo anu ndasunga. Uku, uku."

Anatambasula dzanja kuloza mabenchi a masiku onse, kumbuyo kwa woimira boma.

Tsono amayiwa anali otere. Moyo wawo wonse akhala akuphunzitsa mpingo kuti pamene wakusonyeza wapakhomo ndi pomwepo, ndipo wamkulu akamalankhula kutsogolo sudutsadutsa. Miyendo yawonso inali itazolowera njirayo. Mayi Viola anazengereza, anaponya maso uku ndi uku kufunafuna mtsogoleri wawo wa zoyera, koma anangoona msana wa jasi labulauni. Anakhala. Onse anakhala, manja pamiyendo, mwaulemu wake.

Mayi Pettway anatembenuka, nakodola ndi dzanja. Anadzuka.

"Pepani bwana, amayi awo..."

"Khalani pansi, mayi," anatero woweruza osawayang'ana n'komwe. "Mukalankhulanso mutuluka."

Sanawazindikire. Munthu amene ankawagwedezera mutu mwaulemu zaka zonsezi! Popanda zoyera anali mayi wakuda wamba, mmodzi mwa aja amadzaza makonde a khoti akulirira ana awo.

Loya uja sanatembenuke. Anali kalikiliki kufotokoza za ntchito ya Lorenzo ndi achifwamba aja. Loyayo atatha, woweruza anadzutsa mutu, nayang'ana mbali ya boma nthawi yaitali.

"Ndikuona amayi a msewu wa Pearl abweranso," anatero mofatsa. "Amayi amenewa avutika ndi mfuti mokwanira. Khoti lino silingawagwiritse mwala."

Zaka zitatu.

Kumbali ya zoyera wina anafuula, "Ayi! Ifetu tabwerera mwanayo!" Koma nyundo inali itagunda kale, ndipo kalaliki anali akuitana dzina lina. Lorenzo anatulutsidwira pachitseko cham'mbali. Anangotembenuka kamodzi, kuyang'ana amayi aja ankamupatsa masiwiti ali mwana, atakhala mbali imeneyo.

Mayi Pettway anafuna kukwiya, koma akwiyire ndani? Mlonda anachita zaulemu. Amayi anachita zimene anaphunzitsidwa. Woweruza anawerenga zimene iwo eni anamuphunzitsa kuwerenga. Chinthucho anachiumba okha ndi manja awo, ndipo chinagwira ntchito bwinobwino.

Ndi pamene anamva kuti pambali pawo pali munthu. Odessa Boykin, atavala chipewa cha ubweya, chikwama pamiyendo. Analowa nthawi yanji, sanadziwe.

"Musalirire muno," anatero Odessa, maso ali kutsogolo. "Akutulutsani ngati galu. Ine ananditulutsa."

"Achemwali, ine..."

"Zisiyeni." Anadzuka, namanga mabatani a jasi lake. "Basi yopita kundende imanyamuka Loweruka, kuseri kwa malo ochapira zovala. Ndi kutali, mudye kaye kunyumba. Zoyera musavale, mipando yake ndi yakuda."

Anayenda pang'ono, natembenuka.

"Mukachedwa musadandaule. Malo ndikusungirani."